Botolo la Abambo Ako Aakulu

Limbani mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, iwe uli m'tauni kuthamangira mapepala a ulendo wako, ndipo ndaona kuti bola ndilembe. Ukudziwa kuti ine ndi iwe tikakhala pansi kuti tikambe nkhani yeniyeni, timathera pa mpira ndi pa kukwera kwa simenti. Kwathu ku Dowa nkhani ngati iyi akanakuuza ndi amalume ako, koma amalume ako ali kutali, ndiponso sakanadziwa poyambira. Ine ndiye ndinakalambira mu labu ya chipatala, diso lili pa makina oonera tizilombo. Choncho upirire, ndilaula pang'ono.

Sabata yamawa ukukwera ndege kupita kusukulu kunja. Ndakondwa kwambiri, moti anzanga a kutchalitchi atopa nane. Koma ukusiya mkazi wako Wezi m'nyumba muno ndi ine ndi azakhali ako a Nabanda. Ukumusiya alibe mwana, ndipo pakhomo pano mlandu anaugamula kale kuti vuto ndi lake. Iwe sunanene choncho, ndikudziwa. Koma sunatsutsenso, ndipo ukangokwera ndege uli chete, mtsikanayu asenza yekha nkhani ya anthu awiri mpaka udzabwere. Chimene ndikukupempha n'chimodzi: usanapite, ukayezetse. Upite wekha, ndi miyendo yako.

Mwina suona zimene zimachitika chifukwa umalawirira. Azakhali ako, chibwerere kuno amayi ako atamwalira, asunga nyumba ino bwino, ndipo sindiwanyoza. Koma miyezi yapitayi akhala akupita ku Kaning'ina, kwa mayi wina wa m'mphepete mwa nkhalango, n'kubwerako ndi mitsitsi m'jumbo. Amaiwiritsa m'kapoto kaja kopanda chogwirira. Wezi amalandira kapu ndi manja awiri, n'kuwathokoza azakhaliwo m'Chitumbuka chake kuti "yewo, ankhazi," n'kumwa osakwinya nkhope. Mtsikana woti munaphunzira limodzi ku yunivesite, woti amaphunzitsa sayansi ana a eni kusekondale, akumwa madzi owawa kuti m'nyumba mukhale mtendere. Zimandimvetsa chisoni, ndipo zimandichititsa manyazi. Iwe palibe amene wakuwiritsira kapu.

Ndinayesa kuwaletsa azakhali akowo. Anandiyankha osatembenuka n'komwe, akukoleza mbaula. "Kumtundu kwathu kulibe mwamuna wosabereka. Si inu nomwe munapima achimwene a Yohane n'kupeza kuti ali bwinobwino?" N'zoona kuti ndinapima. Tsono imva mmene zinayendera.

Abambo ako aakulu, malemu achimwene anga a Yohane, iwe umawakumbukira ngati munthu wa njinga yamoto amene ankakubweretsera masikono. Boma litanditumiza kuno ku Mzuzu, yunivesite inali isanatsegulidwe, ndipo Luwinga anali nyumba zowerengeka pakati pa mitengo. Yunivesite itabwera, aliyense wokhala ndi kamalo anayamba kumanga tizipinda ta lendi ta ana asukulu, ndipo kachipinda kalikonse kankafuna chitseko, bedi ndi tebulo. Achimwene anali kalipentala. Ananditsatira kuno, anatsegula shedi, zinthu zinawayendera. Anakwatira mtsikana wa ku Rumphi, a NyaMhango, munthu wansangala amene ankatiseka tonse ndi Chitumbuka chathu chopindika. Zaka zinadutsa popanda mphatso. A NyaMhango anamwa mitsitsi, anapemphereredwa, anapimidwa kuchipatala kangapo. Madokotala sanapeze chovuta chenicheni, ndipo anati abwere mwamuna.

Achimwene anakana nthawi yaitali. Ankati iwo sanagwe mu mpapaya, mkazi wawo atha kuchitira umboni. Ndinawanyengerera mpaka anavomera, koma anati pabenchi sakhalapo. Panja pa chipinda cha dokotala wa nkhani zimenezi panali benchi yaitali, ndipo zaka zonse zimene ndinagwira ntchito pamalopo pankakhala amayi okhaokha. Abambo ankaima patali pansi pa mtengo ngati akudikira minibasi, ambiri osabwera n'komwe. Poti anali achimwene anga, ndinawapatsa kabotolo kuti akachitire kunyumba. Ndinawauza kuti ayambe agona padera masiku angapo, ndipo abwere nako msanga kali m'thumba la malaya, poti Mzuzu ndi wozizira ndipo mbewu za abambo sizigwirizana ndi chisanu. Anabwera nako m'mawa wina wa nkhungu, anandipatsira pakhomo la kuseri osatsika panjinga. Ndinaika kadontho pagalasi. Mbewu zinali zochuluka, zothamanga, zooneka bwino, zoti wophunzitsa akhoza kuonetsa ophunzira ake. Ndinalemba zimene ndinaona. Makina aja sanama, koma sadziwa mwini botolo.

Azakhali ako anachita kubwera kuchokera ku Dowa, ndipo ndi amene analongedza katundu wa a NyaMhango. Anachita mwaulemu, anawaphikira kamba wa panjira, anawaperekeza mpaka kudepoti. Achimwene anakwatiranso. Mkazi wachiwiriyo anamwa mitsitsi yake nayenso, kenako anatopa n'kuchoka yekha. A NyaMhango anakwatiwa ndi dalaivala wina wa lole, ndipo sipanapite nthawi anali ndi pakati. Anabereka, n'kuberekanso, n'kuberekanso. Kumtundu kwathu tinati asing'anga a ku Rumphi ndi amphamvu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ine ndinayamba kukayika, koma ndinali nditaona ndi maso anga, ndiye ndinkadziuza kuti nthawi zina magazi a anthu awiri sagwirizana, monga amanenera anthu. Zimenezo sindinaphunzire kusukulu ina iliyonse.

Achimwene anandiuza okha atagonekedwa ndi matenda aja a shuga, tili awiri m'wodi masana. Anati botolo lija anadzaza ndi mnzawo wa kushedi, bambo wa ana ambirimbiri, amene anangomugulira mowa.

"Ndinkaopa iweyo, Laisoni," anatero. "Ukanapeza kuti mulibe kanthu, bwenzi ukundiyang'ana bwanji pamaliro ndi pamaukwati?"

Anandipempha kuti ndisauze munthu. Ndinangowakonzera pilo. Ndinakwiya, ndipo mkwiyo umenewo sunathe mpaka lero, ngakhale ndinkawakonda achimwene anga. Chimandipweteka kwambiri n'choti sitidzadziwa chimene chinkawavuta. Mwina chinali chinthu chochizika. Anataya mkazi wabwino, anafa opanda mwana, poopa mng'ono wawo ndi benchi. N'chifukwa chake ndikuti upite wekha, Limbani. Usatume botolo.

Achimwene ankasokoneza zinthu ziwiri zimene abambo ambiri amasokoneza. Mphamvu ya kuchipinda ndi ina, mbewu ndi zina. Mwamuna atha kukhala wamphamvu zedi, umuna n'kumatuluka wooneka bwinobwino, koma m'kati mwake mbewu zili zochepa, kapena zaulesi zongogwedezeka pamalo amodzi, kapena zopunduka, kapena mulibiretu. Ndi maso sungadziwe, ndipo mkazi wako sangachitire umboni. Ndaona zibambo zazikuluzikulu za ndevu zopanda mbewu ndi imodzi yomwe, ndaonanso timadala towonda toti mphepo ya ku Kaning'ina ingatigwetse tili ndi mbewu zodzaza galasi lonse. M'mabanja osowa mwana amene ankafika kwa ife, vuto linkapezeka kwa mwamuna kawirikawiri monga momwe linkapezekera kwa mkazi, ndipo nthawi zina kwa onse awiri.

Tsopano za iweyo. Uli fomu fili unadwala matsagwidi patchuthi. Masaya anatupa, tonse tinakuseka, iwe ukulephera kutafuna chimanga chokazinga. Patapita masiku thupi linatenthanso, ndipo unayamba kuyenda miyendo ili kutalikutali, osafuna kunena chimene chikuwawa. Amayi ako ndi amene anazindikira kuti tchende limodzi latupa. Matsagwidi akagwira mwana wamng'ono amangodutsa, koma akagwira mnyamata wotha msinkhu n'kutsikira kumeneko, nthawi zina amasiya mbaliyo ikupanga mbewu zochepa. Ine ndinkadziwa zimenezi. Ndinati ndidzakuuza ukadzakula, ndipo unakula, tsiku loyenera osapezeka. Sindikunena kuti ndiwe wosabereka. Kunatupa mbali imodzi yokha, ndipo ambiri otero amabereka popanda vuto. Ndikungoti pa anthu awiri inu, amene ali ndi chifukwa chodziwika choti ayambe kuyezedwa ndi iwe, osati uyo akumwa mitsitsi.

Matsagwidi si okhawo. Pali anyamata obadwa tchende lisanatsike, makolo n'kuchedwa kupita nawo kuchipatala. Pali ena amene mitsempha ya kumeneko imatupa, malo n'kumatentha kuposa muyezo, ndipo ambiri a iwo opaleshoni yaing'ono imawathandiza. Pali likodzo limene timatola posambira m'madamu ndi kunyanja, timangoliganizira za mkodzo wa magazi, koma limafikanso m'njira za uchembere, kwa abambo ndi kwa amayi omwe. Shuga wosasamalidwa amaononga. Fodya, chamba ndi mowa wa tsiku ndi tsiku zimafoola mbewu. Kumene ukupitako ukapeza anyamata odzibaya jakisoni wokulitsa minofu. Chifuwa chimakula ndithu, koma thupi limaleka kupanga mbewu, ndiye usakayerekeze ngakhale akakuseke kuti ndiwe wowonda ngati bambo ako.

Choopsa kwambiri ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo apa undimvetsere bwino, poti ukupita kukakhala wekha nthawi yaitali. Luwinga atadzaza ana asukulu, ndinkalandira anyamata ambiri obwera ndi mkodzo wowotcha, ena a iwo lero ndi mabwana m'maofesi. Ambiri ankabwera mochedwa. Munthu akagwidwa ndi chinzonono ankayamba wapita pagolosale, kugula timakapisozi tiwiri titatu, mafinya akaleka iye n'kumati wachira. Matenda aja amangobisala, n'kumatseka pang'onopang'ono njira imene mbewu zimadutsa. Choipitsitsa n'choti amapatsira mkazi, ndipo kwa mkazi matendawa nthawi zambiri sachita phokoso. Amakwera mwakachetechete mpaka m'machubu mmene dzira limadutsa, n'kuwatseka. Pakapita zaka mkazi yemweyo ndi amene amatchedwa chumba, womutcha dzinalo ali yemwe anabweretsa matendawo. Sindikufunsa za mmene unkakhalira m'kachipinda kako ka lendi kaja, si nkhani yanga. Koma dokotala akakufunsa umuuze zoona. Ndipo kunjako udzisunge. Ukalephera udziteteze, ndipo ukadwala ukalandire mankhwala onse kuchipatala, n'kumuuza Wezi usanamukhudze.

Nanga ngati vuto lili kwa Wezi? Zitha kutheka, sindikumuikira kumbuyo chifukwa choti amandiphikira tiyi wabwino. Mkazi machubu atha kutsekeka ndi matenda ndanena aja, kapena ndi likodzo, kapena ndi matenda olowa pambuyo popita padera kapena pochotsa pakati mobisa. Ena dzira silikhwima mwezi ndi mwezi, ndipo chizindikiro chake ndi msambo wodumphadumpha. Kunenepa kwambiri ndi kuwonda kwambiri kumasokonezanso zimenezi. Ena ali ndi zotupa m'chiberekero. Ena amamva ululu woopsa akamasamba, anthu n'kumati ndi ulesi, pamene ndi matenda. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo zikadziwika msanga, koma palibe chimene chimachoka ndi kapoto kopanda chogwirira. Azakhali ako amanenanso kuti Wezi anadziononga ndi jakisoni wolera amene ankabayitsa muli pasukulu. Si zoona. Jakisoni uja amachedwetsa kwa miyezi munthu akasiya, koma satseka uchembere. Ndipo ngati ndikukumbukira bwino, munagwirizana awiri kuti muyambe mwamaliza maphunziro. Mawu amenewo uwanene iweyo pamaso pa azakhali ako, asamangowanena Wezi yekha.

Pali chinanso chimene abambo timaiwala. Nthawi siimuyendera mkazi mofanana ndi mwamuna. Mazira a mkazi amachepa zaka zikamapita, ndipo zaka ukhale kunjazi ndi zakenso. Mukayezetsa tsopano, ngati pali chofunika kukonza kwa iye, akonza iwe uli kusukulu, ndipo ngati chili kwa iwe, ukafunsa madokotala a kumeneko. Mukapanda kuyezetsa, udzabwera ndi digiri yako n'kupeza nkhani ili pomwe unaisiya, kapena osampeza n'komwe Wezi. Munthu amatopa, Limbani. Amene amamwa zowawa akumwetulira ndi amene amadzalongedza tsiku lina osatsanzika.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ichi. Dzana ndinakwera sakaramento, njinga ya kabaza ija, kupita kumsika wa ku Luwinga, wopalasa akudandaula njira yonse kuti ndalemera. Kumeneko ndinakumana ndi a NyaMhango. Amagulitsa nthochi, tsitsi layera, koma kuseka n'komwe kuja. Timapatsana moni nthawi zonse, ndipo za kuyeza kuja sanandifunsepo. Safunika kufunsa, ana awo anawayankha kale.

"Monire, alamu," anatero. "Ine ndinawaona a Nabanda ku Kaning'ina, kwa amama aja a mitsitsi. Sono ulendo uno akumwetsa ndani?"

Ndinawauza kuti ndi mkazi wa mwana wanga. Anandifunsa ngati mwanayo ndamupima. Ndinati ayi. Anathyola nthochi zina n'kuonjezera m'jumbo mwanga.

"Izi mukamupatse mkamwana wanuyo. Zimachotsa kuwawa m'kamwa. Ine ndikudziwa chomene."

Ndinabwerera wapansi mpaka ku Ching'ambo kuno, mvula yowaza ikundinyowetsa, chifukwa sindinafune kuyankhula ndi munthu. Nthochizo Wezi anadya, anati n'zokoma, osadziwa kumene zachokera.

Ndiye tichite motere. Usiku uno umuuze Wezi zonse, umuwerengere kalatayi ngati pakamwa pakulemera. Mugone motalikirana mpaka Lolemba, ndi lamulo la kuyezako, si mwambo. Lolemba nonse awiri mukapezeke kuchipatala. Ine ndinapuma ntchito, sindidzaona galasi lako, ndipo amene ali mu labu masiku ano ndi ana oti sakudziwa. Zonse ukachitire komweko, m'kachipinda kamene adzakuonetse. N'zochititsa manyazi kwa kanthawi kochepa, koma Wezi wakhala akugona pabedi la chipatala kupimidwa ndi anthu osawadziwa, ndipo sanafe nazo. Zotsatira zikakhala zosakondweretsa usagwe mphwayi, kuyeza kamodzi sikugamula. Mbewu zimasintha ndi matenda ngakhale ndi malungo wamba, ndiye ukayezetsenso kunjako pakapita miyezi itatu. Zitha kuthekanso kuti nonse mupezeke muli bwino, chifukwa osaoneka. Zimachitika, ndipo ambiri otero amadzabereka nthawi yawo ikakwana.

Zikadzapezeka kuti ndi iwe, ndidzakuyang'ana pamaliro ndi pamaukwati monga ndikuyang'anira lero. Ndikunena poyera chifukwa achimwene sindinawauze mawu amenewa nthawi ikadalipo. Udzakhala mwana wanga yemwe uja, wodya mochedwa, wosadziwa kukhoma msomali. Padzapezeka ena okunong'oneza za fisi, kuti abwere mwamuna wina mobisa adzakuberekere. Usadzalole, mkazi wako si munda wobwereketsa. Zikadzapezeka kuti ndi Wezi, udzamuyang'ane momwemonso, ndipo aliyense wokhudza chikwama chake adzayambe wadutsa pa iwe. Ndikufuna mdzukulu, sindikubisa, ndimasirira anzanga akamabwera kutchalitchi atanyamula tiana. Koma sindikufuna mdzukulu wobwera pothamangitsa mwana wa eni kachiwiri m'banja lomweli. Ana osowa owalera ali ambiri kumtundu kwathu ndi kwa Wezi komwe, ndipo nyumba sikhala yopanda kanthu chifukwa choti mulibe matewera.

Ine mbali yanga ndi azakhali ako. Lamlungu tikachoka kutchalitchi ndiwakhazika pansi n'kuwauza za botolo lija. Achimwene anandipempha kuti ndisaulule, ndipo ndasunga zaka zonsezi, koma iwo anagona, pamene Wezi ali moyo ndipo akumwa mitsitsi chifukwa cha bodza lawo. Azakhali ako adzalira, chifukwa ndi manja awo amene anamanga katundu wa a NyaMhango, ndipo si munthu woipa mtima. Adzandikwiyira sabata yathunthu, mwina ndidzadya ndiwo zopanda mchere. Ndipirira.

Mbali yako ndi Lolemba. Upite wekha, ndi miyendo yako, ndipo usakaime pansi pa mtengo. Benchi ija ikadalipo, anangoipaka penti. Ine ndidzalawirira ndi Wezi, ndidzakhala pomwepo pakati pa amayiwo, chipewa chili pabondo. Adzandiyang'ana, ena adzaseka kuti mdala uyu akufunanso chiyani pa msinkhu wakewu, ndipo ndidzawasiya aseke. Pakati pa ine ndi mkazi wako ndidzasiya malo a munthu mmodzi.

Ndine bambo ako,
Laisoni